Mwendo wa Klatchi

Mwendo wakumanzere wa a Giya udasiya ntchito Lachiwiri lina m'mawa, eni ake ali chagada kunsi kwa galimoto, sipanala ili m'manja. Sudatsanzike n'komwe. Adokotala adati ndi sitiroko, ndipo adawauza kuti athokoze Mulungu poti pakamwa padawongoka msanga, manja onse awiri n'kutsala amoyo. A Giya adathokoza, poti adauzidwa kutero. Koma kunena mosapsatira, kuyambira tsiku limenelo sankamva kanthu. Dzanzi la m'mwendo lija lidakwera mpaka pamtima. Chakudya ankadya, alendo odzawazonda ankawalonjera, mdzukulu atabadwa adamunyamula, koma zonsezo zinkangowadutsa ngati nkhani za pa wailesi ya kwa aneba.

Dzina loti Giya silidali la makolo ayi. Lidabwera ndi galimoto yofiira ya mipando iwiri, yothamanga, yofupika kulekeza m'chiuno, imene adaigula ili chiphakasa zaka makumi atatu zapitazo n'kuimanga okha, bawuti ndi bawuti, pa galaja imene ankagwirapo umakaniko. Iwo ankaitcha Chofiira. Akazi awo, mayi osoka zovala, ankaitcha "mkazi mnzanga", ndipo sankaseka kwenikweni potero.

Tsono Chofiira idali ya zopondera zitatu: cha moto, cha buleki, ndi klatchi, chija cha kumanzere chimene umayamba wachikanikiza usanasinthe giya. Klatchi ndi ntchito ya mwendo wakumanzere basi, palibenso wina woupumuza. N'chifukwa chake kwa miyezi isanu ndi itatu galimotoyo idangokhala m'galaja ya kunyumba itayang'ana kugeti. Pepala la adokotala lidati a Giya akhoza kuyendetsanso, koma galimoto yosintha yokha magiya.

Mwana wawo wamkazi adali loya, munthu wosakonda kuona nkhani ikugona pa tebulo. Adafufuza n'kupeza kuti kampani yomwe idapanga Chofiira yatulutsa ina yatsopano, yopanda klatchi, yodula koopsa. Adati awagulira. Ogulitsawo adavomera kutenga yakaleyo ngati mbali ya mtengo, poti ankafuna kuiika pawindo anthu aziionera. Kwa a Giya kudangotsala kunena inde kapena ayi, ndipo akati inde, Chofiira ipita.

Loweruka m'mawa mwanayo adawatengera kumalo ogulitsirako. Pansi padali potereka ngati mbale yotsuka kumene, moti ndodo yawo inkachita kufufuza poponda. Adawalandira bambo wina wa dazi, wa magalasi, nsapato zake zowala kuposa matayala. Galimoto idali pakati pa chipinda, yotuwa, yosalala, yopanda pomwe ntchentche ingagwire.

"Bwana, ija muli nayo kunyumba ija ndi agogo ake a iyi," adatero wogulitsayo uku akusisita boneti. "Koma mdzukuluyu anapita kusukulu. Mphamvu zake kuwirikiza kanayi. Yanu ija ikamati ikufika pa handiredi, iyi imakhala itafika kalekale, yaima, mwini wake akumwa tiyi."

"Denga?" adafunsa a Giya.

"Mumangodina apa."

Adadina kabatani, ndipo denga lidadzipinda lokha n'kulowa kumbuyo mwaulemu. La Chofiira linkafuna anthu awiri ndi pemphero, ndipo mvula ikagwa linkadonthera paphewa la woyendetsa. Chitseko cha iyi chinkatsekeka ndi chala chimodzi. Cha Chofiira umayenera kuchinyamula pang'ono kaye, n'kuchimenya ndi ntchafu. A Giya ankayerekeza zonsezi m'mutu mwawo mmene munthu amawerengera matailosi akamadikira pamzere kuchipatala.

"Tatsegulani boneti."

Wogulitsa adatsegula. M'katimo mudali chivundikiro chakuda cha pulasitiki, kuchoka uku kufika uko.

"Injini ili kuti?"

"Ili m'munsimo, bwana, koma sitigwiramo. Ikadwala imanena yokha pa kompyuta."

"Chikomekome cha mkuyu," adatero a Giya, koma mphamvu zomalizira mwambiwo adalibe.

"Ababa, musayambe," adatero mwanayo. "Ingoiyesani. Mukaikana ndiye mwaikana, koma muikane mutaikwera."

Mtengo udalembedwa pa kapepala kakang'ono pagalasi, maziro ali ndondondo. A Giya adauwerenga kawiri. Ankadziwa kuti bambo weniweni apa akadakalipa kuti ndi kuwononga ndalama, kapena akadanyadira kuti adabereka mwana wotha kugula chinthu chotero. Adadikira kuti chimodzi mwa ziwirizi chibwere. Sichidabwere, ndiye adangopempha kuti awatsegulire chitseko.

Poti mipando idali iwiri yokha, mwanayo adatsala, wogulitsa n'kukhala pambali. A Giya adakhala pansi, adagwira buluku pabondo ndi manja awiri, adanyamula mwendo wakufawo n'kuuika m'kati monga ankachitira pokwera bedi. Kumanzere kwa buleki kudalibe kalikonse, malo ongopumirapo phazi. Buleki yake idali yotambalala ngati chikhatho. Kiyi kudalibe, koma batani lina. Mpando udawakumbatira wokha, mphepo yozizira idawapeza kumaso, ndipo galimoto idanyamuka osagwedezeka, ngati kuti msewu ndi umene ukuyenda.

Adalowera msewu wa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, wowongoka, wopanda anthu Loweruka. Chiwongolero chidali chopepuka moti sankadziwa ngati matayala akugunda pansi. Mu Chofiira mwala uliwonse unkafika m'manja, ndipo ukaponda ndalama yachitsulo umatha kudziwa kuti yagona chagada kapena chafufumimba. Muno munthu umangokhala ngati uli pa sofa, zinthu zikudutsa pawindo. A Giya adaona kuti galimotoyi ndi iwo akufanana, ndipo ngakhale zimenezo sizidawapweteke.

"Mukuimvera chisoni, bwana," adatero wogulitsa. Adadina batani lofiira pafupi ndi chiwongolero. "Apa ndaiuza kuti isafulumire kusintha magiya, ilire kaye. Iponderenitu moto, muone."

A Giya adaponda. Msana udamatirira kumpando. Injini idayamba kubangula, mawu ake akukwera, akukwera, mpaka adafika penipeni pamene Chofiira inkapemphera giya yachiwiri.

Kenaka dziko lonse lidaima. Matayala adalira, lamba adawadula pachifuwa, magalasi a wogulitsa adauluka n'kukamenya galasi la kutsogolo. Galimoto idali chiimire pakati pa msewu, fungo la labala lili guu. Dzanja lamanzere la a Giya lidali litagwira bondo la wogulitsa, likufuna ndodo ya giya imene kudalibe.

Wogulitsa adapuma kaye, adafufuza magalasi ake pansi, n'kuyesa kuseka.

"Musadandaule, bwana, zimachitika. Onse ozolowera klatchi amatero tsiku loyamba. Injini ikalira, mwendo wakumanzere umathamangira klatchi n'kupeza buleki. Muziupinda kumbuyo, muuiwale."

"Mwendo umenewu ndi wakufa," adatero a Giya.

"Wakufa bwanji, bwana? Wangotsala pang'ono kundithyola khosi."

A Giya adayang'ana pansi. Phazi lamanja lidali m'mwamba pang'ono, litachoka pa moto monga limachitira posintha giya. Lamanzere lidali pa buleki, litaikanikiza mpaka pansi. Adaliuza kuti lichoke. Silidamve. Adaliuzanso, akuluma mano, koma lidangokhala pompo ngati nsapato ya munthu wina. Adachita kulinyamula ndi manja.

Atabwerera, wogulitsa adafotokoza nkhaniyo akusisita khosi. Mwanayo adayamba wakana, kenaka adagwada pa matailosi owala aja ndi siketi yake yabwino, adagwira bondo la bambo ake n'kuyamba kulira. Adati aimbira pompo a mafizo, aja a kuchipatala olimbitsa ziwalo zofooka. Adati ichi n'chizindikiro. A Giya adamuyang'ana pamutu ndipo adamuchitira nsanje pang'ono kuti iye akutha kulira. Chimene iwo adali nacho sichidali chimwemwe, koma funso la makaniko amene wamva injini yakufa ikutsokomola kamodzi.

"Ndipatseni mpaka Lolemba," adauza wogulitsa.

Mwanayo adawasiya pageti cha m'ma fili koloko masana n'kuthamangira kwa khanda lake. Mayi adali pakhonde, akupinda m'mphepete mwa diresi ya kasitomala, mapini ali pakamwa. A Giya sadakhale pansi. Adalunjika kugalaja, ndodo ikugogoda pa simenti.

Chofiira inkanunkha oyilo, chikopa chakale ndi fumbi. Adanyamula chitseko pang'ono, adalowa, adaika phazi lakufalo pa klatchi ndi manja. Injini idalira ulendo woyamba, chifukwa Lamlungu lililonse mayi ankailiza kwa mphindi khumi kuti batire lisafe, ngakhale iwo kuyendetsa sankadziwa. A Giya adauza mwendo kuti ukanikize. Palibe chidachitika. Adaponda moto galimoto ili chiimire mpaka malata a galaja adanjenjemera, koma mwendo sudapusitsike. Udali wa makaniko, unkadziwa kusiyana kwa galimoto yoyenda ndi yongochita phokoso.

Pamenepo adamvetsa. Mwendowo sudamvere iwo kuja, udamvera injini, iwo ataiwala. Ndiye padafunika kuti galimoto iyende ndithu.

Makaniko aliyense amadziwa kuti galimoto yakale ikhoza kunyamuka popanda klatchi. Umazimitsa injini, umalowetsa giya yoyamba, n'kupotokola kiyi, ndipo imadumphadumpha ngati chule mpaka kulira. A Giya adazimitsa, adalowetsa giya, n'kuliza hutala. Mayi adabwera akulavulira mapini m'dzanja.

"Kwagwanji, bambo?"

"Tanditsegulirani geti, mayi."

Mayi adawayang'ana, adayang'ana mwendo. Mwana adali atawaimbira kale foni, nkhani yonse ankaidziwa.

"Pepala la adokotala lija likuti chiyani?"

"Ndingofika pakona n'kubwerako."

"Nanga kuima? Muima bwanji?"

A Giya adangoloza kugeti. Mayi adapita kukatsegula geti, zitseko zonse ziwiri, n'kuikapo miyala. Kenaka adabwerera, adazungulira mbali inayo, adatsegula chitseko n'kudzitsitsa pampando movutikira.

"Mukakafa nokha ndidzawauza chiyani anthu? Tiyeni. Zaka makumi atatu mkazi mnzangayu akundilanda mwamuna, lero ndione kumene amapita naye."

A Giya adapotokola kiyi. Chofiira idadumpha kamodzi, kawiri, katatu, mitu yawo ikugwedera, kenaka injini idagwira ndipo adatuluka pageti. Msewu wawo udali wautali, wa nyumba za mipanda mbali zonse, ndipo kumapeto kwake unkathira mu msewu waukulu wa malole. Chiwongolero chidali cholemera, chamoyo, chikunjenjemera m'manja. Adaponda moto. Mawu a injini adayamba kukwera.

Adafika paja. A Giya adadikira. Mwendo udali phee. Adapitiriza kuponda, injini ikulira mopempha, kenaka modandaula, kenaka ngati nkhumba yomangidwa. Bambo wina amene ankathirira maluwa adatembenuka ndi paipi yake yomwe. A Giya ankayesa kuiwala mwendowo, koma munthu sungaiwale chinthu mwadala. Maso adali pamsewu, mtima wonse uli pa bondo, ndipo bondolo lidadziwa kuti likuyang'aniridwa.

"Ikufuna chiyani?" adakuwa mayi.

"Yachiwiri!"

"Ndiye ipatseni!"

"Mwendo!"

Mayi adamasula lamba wawo, adawerama, adagwira bondo la amuna awo ndi manja awiri n'kulikankhira kutsogolo ndi thupi lawo lonse. Klatchi ya Chofiira idali youma, ngakhale anyamata a pagalaja kale ankaidandaula. Idatsika theka. Mayi adabuula, adatsamira ndi chifuwa, ndipo idafika pansi. Dzanja la a Giya lidakoka ndodo ya giya kunsi kwa mkono wa mayi, ndipo yachiwiri idalowa bwinobwino.

"Siyani pang'onopang'ono."

Mayi adasiya. Injini idatsitsa mawu n'kuyamba kukoka mokoma, mipanda ikuthamangira kumbuyo, mphepo ikulowa pawindo. Ndi mawu amenewa amene a Giya adawadikira miyezi isanu ndi itatu.

"Yalowa?" adafunsa mayi, mutu uli kunsi kwa chiwongolero. "Bambo, yalowa? Ilipo yachitatu? Nenani, ndikankhe."

A Giya adaponya maso pansi kamodzi. Adaona pamutu pa akazi awo, pamene duku lidasunthira kumbuyo. Sankadziwa kuti imvi zachuluka chomwecho. Adaona msana wopindika, wopanda lamba, mutu uli pafupi ndi chitsulo cha chiwongolero, galimoto ikuthamangira kumsewu wa malole. Adaona zala zotupa ndi nyamakazi zitakanirira pa buluku lawo, zikudikira lamulo. Manja omwewa ndi amene adawatembenuza pabedi, kuwasambitsa, kuwamanga zingwe za nsapato, ndipo iwo ankangowaona ngati mmene ankaonera ndodo. Akadati inde, mayi akadakankha yachitatu. Akadakankha mawa, ndi mkuja, mpaka tsiku limene dzenje limodzi la pamsewu likadawaswa mutu, ndipo sakadadandaula.

Chimene chidabwera pamtima pa a Giya sichidali chimwemwe chimene ankachiyembekezera. Adali manyazi, otentha, oyambira m'mimba mpaka m'makutu. Chidali chinthu choyamba kuchimva chidwalireni, ndipo chidawawa.

"Kankhani komaliza, mayi. Tikuima."

Mayi adakankhanso, akubuula. A Giya adachotsa giya, adaponda buleki mofatsa, n'kuimika Chofiira m'mbali mwa msewu, pansi pa mtengo, patatsala nyumba ziwiri kuti afike pamphambano. Lole yodzaza matumba a simenti idadutsa kutsogoloko. Adazimitsa injini, ndipo kudangotsala kaphokoso ka zitsulo zikuzizira.

Mayi adadzuka pang'onopang'ono, akupuma mwabefu, thukuta lili pamphuno. Ankamwetulira ngati mtsikana.

"Koma imathamangadi, mfiti imeneyi. Titembenuke tibwerezenso? Ndazolowera tsopano."

"Muimbireni mwana," adatero a Giya. "Auze anthu aja asadikire Lolemba. Adzaitengere pompano."

Kumwetulira kuja kudazilala. "Bambo, musafulumire. A mafizo aja akuti mwina..."

"Mwina. Mwendowu ukadzadzuka udzandipeza."

"Ndiye ndinene kuti mwaikonda yatsopanoyo?"

"Munene kuti ndi yabwino. Munthu amayendetsa yekha."

Adazula makiyi. Pa kawaya kamodzi padali kiyi wa Chofiira, wa galaja ndi wa nyumba, ndipo adatenga nthawi kulekanitsa, chikhadabo chikuterereka. Wa galimoto adausiya pamwamba pa dashibodi. Enawo adapatsira akazi awo kuti atsogole akawatengere ndodo, imene idatsala itatsamira khoma la galaja.

Mayi adatambasula dzanja lamanja, koma zala zidakana kufumbata, ndipo makiyi adagwera pamiyendo pawo. Adawatola msanga ndi lamanzere, dzanja linalo n'kulibisa m'khwapa, poganiza kuti amuna awo sadaone.